Dzina Limodzi Lolakwika, Malikisi Onse Apita: Malamulo a Sukulu za Utolankhani Amateteza Ndani?

Ku sukulu ya utolankhani ya Medill, pa yunivesite ya Northwestern kufupi ndi mzinda wa Chicago ku America, kuli mwambo umene ophunzira amauopa kuposa mayeso alionse. Wophunzira atha kuyenda tsiku lathunthu, kucheza ndi anthu oyenera, n'kulemba nkhani yokoma imene mkonzi aliyense angailandire ndi manja awiri. Koma akangolakwitsa kalembedwe ka dzina la munthu mmodzi, kapena akaphonya chaka, udindo kapena nambala, mphunzitsi amaika F pa ntchito yonseyo, kutanthauza kuti walephera. Chilangochi n'chotchuka moti chili ndi dzina lakelake, Medill F. Womva izi koyamba amati ndi nkhanza, ndipo sitingamudabwe, pakuti m'maphunziro ena ambiri kuphonya chilembo chimodzi sikuchotsetsa ngakhale theka la malikisi. Nanga sukulu imene yakhala ikusula atolankhani kuyambira 1921 imaumiriranji pa lamulo louma chonchi? Yankho lake limatithandiza kumvetsa malamulo ena onse a digiri yachiwiri ya utolankhani, ija ambiri amangoti masitazi: a kapezekedwe m'kalasi, a mayeso, ndi a kaperekedwe ka malikisi.

Malamulo amenewa amalembedwa m'kabuku kamene wophunzira amalandira sabata yoyamba, ndipo amaoneka ngati pangano la anthu awiri okha, wophunzira ndi yunivesite. Komatu pali wachitatu amene sasainira nawo panganolo: munthu amene adzawerenge nyuzipepala, kumvera wailesi kapena kutsegula nkhani pa foni yake. Iyeyu ali ngati wokwera minibasi, amene safunsa dalaivala kuti amuonetse laisensi, koma moyo wake uli m'manja mwa amene anamuyesa dalaivalayo. Wowerenga sadzaona malikisi a mtolankhani. Chimene adzaone ndi dzina la m'bale wake litalembedwa pa mlandu wa munthu wina, kapena mtengo wa feteleza utalembedwa mopotoka. Choncho muyeso wa lamulo lililonse la sukulu yotere ndi umodzi: likumuteteza ku chiyani wowerenga? Tikayeza motero, tipeza kuti malamulo ena ooneka ankhanza ndi achilungamo, ena ooneka abwinobwino alibe kanthu m'kati, ndipo kuuma kwa sukulu kuyenera kulunjika pamene pali chiopsezo kwa anthu, osangouma paliponse.

Tiyambe ndi kumene maphunzirowa anachokera, chifukwa n'kumene kunabadwira malamulo ake. Ku America, yunivesite ya Missouri inatsegula sukulu ya utolankhani mu 1908, ndipo ya Columbia ku New York inatsegula yake mu 1912 ndi chuma chimene anasiya mwini nyuzipepala Joseph Pulitzer. Ku Britain anthu ankaphunzirira pa ntchito pomwepo, mpaka kafukufuku wa boma wokhudza nyuzipepala, amene lipoti lake linatuluka mu 1949, atadandaula za kuperewera kwa maphunziro a atolankhani. Kudandaulako kunabala bungwe la NCTJ mu 1951, limene mpaka lero limayesa atolankhani ndi kuvomereza maphunziro awo. Mu 1970 yunivesite ya ku Cardiff inayambitsa maphunziro a utolankhani a anthu amene ali kale ndi digiri, motsogozedwa ndi Tom Hopkinson, yemwe anakhalapo mkonzi wa magazini ya Drum ku Johannesburg. Masiku ano masitazi ya ku Britain imatenga chaka chimodzi ndipo imawerengedwa makirediti 180, kirediti iliyonse kuimira maola khumi a ntchito, kutanthauza maola 1,800. Ambiri olowamo anaphunzira zina, monga mbiri, malamulo kapena sayansi, ndipo ena ndi atolankhani a kwathu kuno opita pa thandizo la maphunziro la Chevening. M'miyezi khumi ndi iwiri yokha, anthu osiyanasiyana chotere ayenera kusanduka odalirika pa ntchito imodzi. Nthawi yotaya palibe.

Apa m'pamene pagona lamulo la kapezekedwe. Sukulu zambiri zili ndi masiku amene kalasi imasanduka chipinda cholembera nkhani. M'mawa ophunzira amakhala pa msonkhano wogawana ntchito: uyu apite kukhothi, uyu ku khonsolo, uyu akhale mkonzi wa tsikulo, wina akonze masamba, wina awerenge nkhani pa wailesi nthawi ikakwana. Pofika masana mafoni ali kulira, wina akudikira kuti wapolisi amuyankhe, wina akudula ndime kuti nkhani ikwane pa tsamba. Ku Missouri ophunzira amatulutsa nyuzipepala yeniyeni ya mumzindamo, Columbia Missourian, ndipo ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa ophunzira akhala akugwira ntchito pa Grocott's Mail, nyuzipepala yakale ya tauni ya Makhanda. Tsiku lotere, wojomba sadzipweteka yekha. Tsamba lake limatsala lopanda kanthu, mnzake amasenza ntchito ya anthu awiri, ndipo zimene zinaphunziridwa tsikulo sizingapezeke m'buku kapena m'manotsi obwereka. N'chifukwa chake ku Rhodes wophunzira amayenera kupeza kaye chilolezo chotchedwa DP, chotsimikiza kuti wakhala akupezeka ndi kupereka ntchito zake, asanaloledwe kulemba mayeso. Mayunivesite ambiri a ku India amaika malire pa 75 peresenti: wosafikapo salowa m'chipinda cha mayeso, ngakhale akhale wanzeru chotani.

Otsutsa lamuloli ali ndi mfundo zomveka. Amati wophunzira wa masitazi ndi munthu wamkulu, wolipira yekha fizi, nthawi zina wapabanja ndiponso wapantchito; kumuitana dzina m'kaundula ngati mwana wa pulayimale n'kumuchepsa. Amatinso kukhala pa mpando si kuphunzira, popeza munthu atha kusaina kaundula n'kumasewera pa foni maola awiri. Akunena zoona, ndipo mfundo yawo imakula tikaona kuti kaundula wina salembedwera wowerenga n'komwe. Ku Britain mayunivesite amakakamizidwa kulondoloza kapezekedwe ka ophunzira akunja ndi kudziwitsa unduna woona za anthu olowa m'dziko ngati wina wasiya kuoneka, zimene zingamulanditse viza. Kaundula woteroyo amatumikira boma. Komabe zonsezi zikungotiuza kuti lamulo la kapezekedwe liyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Phunziro limene mphunzitsi amalankhula yekha, lomwe litha kujambulidwa n'kuonedwa usiku, silifunika mlonda pakhomo. Tsiku lotulutsa nyuzipepala limafunika aliyense, ndipo choyenera kuwerengedwa ndi ntchito imene munthu wagwira pa tsikulo. Wodwala kapena wofedwa ali ndi njira yake: amapereka umboni ku komiti yoona zovuta zogwa mwadzidzidzi, imene itha kumuonjezera nthawi popanda chilango. Sukulu yopanda njira imeneyi ndiyo tingaitche yankhanza.

Mnzake wa lamulo la kapezekedwe ndi la nthawi yoperekera ntchito. M'mayunivesite ambiri ntchito yochedwa imachotsedwa malikisi angapo pa tsiku, koma m'makalasi olemba nkhani aphunzitsi ambiri salandira n'komwe nkhani yofika nthawi itadutsa. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anaonapo mmene wailesi imagwirira ntchito: nkhani za seveni koloko zimayamba seveni koloko, ndipo makina osindikizira nyuzipepala sadikira wolemba. Wina anganene kuti kuphunzitsa anthu kuthamanga n'kumene kumabala zolakwa, makamaka masiku ano pamene aliyense akufuna kukhala woyamba pa intaneti. Nkhawa imeneyi ndi yoona, koma mankhwala ake ali m'lamulo lomwelo likayenda limodzi ndi lamulo la kulondola. Wophunzira amene akudziwa kuti akachedwa walephera, akalakwitsanso walephera, amaphunzira luso limene ndi mtima wa ntchitoyi: kusiya kunja chimene sanachitsimikize. Nthawi ikakwana amapereka ndime zisanu zoona m'malo mwa khumi zokayikitsa. Sukulu imene imalanga kuchedwa kokha imatulutsa anthu aliwiro opanda mabuleki, ndipo yolanga kulakwitsa kokha imatulutsa anthu osamala amene nkhani zawo zimafika anthu ataiwala kale.

Tikafika pa mayeso olembera m'chipinda, buku lili chitsekere, funso limakula. Kodi ntchito yamanja ngati iyi ingayesedwe pa pepala m'maola awiri? Mbali yaikulu singatheke, koma pali mbali imodzi imene imayeneradi mayeso otere, ndiyo malamulo a dziko. Wophunzira wa ku Britain amagona ndi kudzuka ndi buku la McNae's Essential Law for Journalists, limene linatuluka koyamba mu 1954 ndipo limakonzedwanso pafupipafupi. Ayenera kudziwa pamtima zimene sangalembe munthu akamangidwa, chifukwa lamulo la 1981 loletsa kunyoza khothi limalanga wofalitsa nkhani yosokoneza mlandu ngakhale kuti sanachitire dala. Ayenera kudziwa kuti wodandaula pa mlandu wogwiririra satchulidwa dzina, kuti ana ali ndi chitetezo chapadera, ndiponso malire a pakati pa kudzudzula munthu ndi kumuipitsira mbiri. Zoterezi zimamupeza mtolankhani ali pakhomo pa khothi, mkonzi akuimba foni kufuna nkhani, pamene palibe mpata wotsegula buku. Kuloweza kuli ndi malo ake, ndipo malo ake ndi amenewa. Wophunzira wochokera kwathu ayenera kukumbukira chimodzi: malamulo amene wakhoza ku Cardiff kapena ku London ndi a kumeneko. Akabwerera ayenera kukhalanso pansi ndi malamulo a dziko lino, kuphatikizapo lija lopatsa anthu ufulu wopeza zinthu zosungidwa ndi boma, limene ku Malawi linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Mayeso amene amakanganitsa anthu kwambiri ku Britain ndi a shorthand, kalembedwe kachidule kogwiritsa ntchito timizere ndi tizizindikiro. Atolankhani ambiri amaphunzira mtundu wotchedwa Teeline, umene James Hill anaukonza mu 1968, ndipo muyeso wolemekezeka wa NCTJ ndi mawu 100 pa mphindi. M'chipinda cha mayeso mumamveka mawu a munthu akuwerenga mosalekeza kwa mphindi zingapo, mapeni akuthamanga pa timabuku. Kenako chete, aliyense akumasulira timizere take kukhala ziganizo, ndipo zolakwa zololedwa n'zochepa kwambiri. Ambiri amalephera kangapo asanakhoze, chifukwa lusoli limafuna kuyeserera tsiku lililonse kwa miyezi. Achinyamata amafunsa kuti zonsezi n'zachiyani pamene foni iliyonse imajambula mawu. Yankho lalikulu lili kukhothi: lamulo lija la 1981 limaletsa kujambula mawu m'bwalo la milandu popanda chilolezo cha woweruza, choncho wolemba nkhani za milandu amadalira dzanja lake. Komanso kupeza chiganizo chimodzi m'kabuku kumafulumira kuposa kumvetsera ola lathunthu la zojambula. Komabe wojambula zithunzi kapena wofufuza manambala safunika kutaya miyezi pa luso limene sadzaligwiritsa ntchito, ndipo NCTJ yomwe inasiya kukakamiza aliyense kulitenga. Apa muyeso wathu wagwira bwino ntchito: lamulo likhale pamene likuteteza munthu amene mawu ake angapotozedwe, lichoke pamene langotsala mwambo.

Ndi muyeso womwewo tingaweruze chilango chomwaza malikisi onse chifukwa cha cholakwa chimodzi. Ochitsutsa amati chimayesa dzina lophonyedwa chilembo ngati bodza lamkunkhuniza, chimabala atolankhani amantha amene amasankha nkhani zosavuta kuti asagwe, ndipo chimalemera kwambiri pa wophunzira wochokera kunja amene mayina a kumaloko ndi achilendo kwa iye. Mfundo ya mantha ndi yolemera, ndipo sukulu yanzeru imaiyankha poonetsetsa kuti chilango chigwere ntchito imodziyo, chisagwere chaka chonse, ndiponso poyamikira poyera wolimba mtima amene wagwira nkhani yovuta. Koma pa mfundo yoti cholakwacho n'chaching'ono, ndi wolemba yekha amene amachiona chotero. Kwa mwini dzina, chilembo chimodzi chitha kusandutsa munthu wosalakwa kukhala wakuba pamaso pa mudzi wonse. Kwa wowerenga wamba, dzina la sukulu ya kwawo kapena la mfumu yake ndi chinthu chokhacho m'nkhanimo chimene angachitsimikize yekha. Akaona kuti chalakwika, amakayikira ndi zina zonse zimene sangathe kuzifufuza. Madzi akatayika saoleka, ndipo kakalata kopepesa ka m'kope lotsatira sikafika kwa onse amene anawerenga cholakwacho. Kulephera ntchito imodzi m'kalasi ndi mtengo wotsika wophunzirira chizolowezi chofunsa munthu kuti atchule dzina lake chilembo ndi chilembo.

Pali mlandu wina umene sukulu zotere sizinyengerera, ndiwo kupeka nkhani ndi kuba ntchito ya wina. Chilango chake chimafika pa kuchotsedwa sukulu, ndipo mbiri ya ntchitoyi ikuonetsa chifukwa chake. Mu 1980 nyuzipepala ya Washington Post inasindikiza nkhani ya Janet Cooke yonena za mwana wa zaka zisanu ndi zitatu wogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo a heroin. Akuluakulu a mzinda anamufunafuna mwanayo osamupeza, chifukwa kunalibe. Nkhaniyo inapata mphotho ya Pulitzer mu 1981, ndipo bodza linaululika anthu atazindikira kuti ngakhale maphunziro amene wolembayo ankati ali nawo anali okokomeza; kenako mphothoyo inabwezedwa. Mu 2003 Jayson Blair wa New York Times anapezeka kuti ankapeka ndi kuba nkhani, ndipo akonzi akuluakulu awiri anatula pansi udindo. Mu 2018 magazini ya Der Spiegel ya ku Germany inavomera kuti Claas Relotius, mtolankhani wake wolandira mphotho zambiri, anapeka anthu ndi zochitika. Onsewa anali akatswiri pa kalembedwe, zomwe zikutichenjeza kuti wochonga wongoyang'ana kukoma kwa ziganizo angawapatse malikisi apamwamba. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amafuna kuti nkhani iperekedwe pamodzi ndi mndandanda wa anthu amene wolemba wacheza nawo ndi manambala awo, kuti athe kuwaimbira. Chiyambire pamene mapulogalamu a kompyuta otha kulemba okha nkhani anafala kumapeto kwa 2022, foni ya mphunzitsi yopita kwa amene akuti anafunsidwa yasanduka mayeso amphamvu kuposa ena onse.

Tsopano tione kaperekedwe ka malikisi, pamene sukulu zimasiyana njira. M'mayunivesite ambiri a ku Britain, wophunzira wa masitazi amakhoza akapeza 50, amapata merit pa 60, ndipo distinction imayambira pa 70. Ku South Africa pamwamba pamayambira pa 75. Wolephera phunziro kawirikawiri amapatsidwa mwayi umodzi wobwereza, koma ngakhale alembe bwino chotani ulendo wachiwiriwo, malikisi ake amaimira pa 50, kuti wokhoza koyamba asafanane ndi wokhoza kachiwiri. Amene wamaliza maphunziro a m'kalasi koma walephera ntchito yaikulu yomaliza satuluka chimanjamanja: makirediti 120 amamupatsa dipuloma, ndipo 60 amamupatsa setifiketi. Kuseri kwa manambalawa kuli dongosolo limene ophunzira saliona. Mapepala ambiri amachongedwa opanda dzina, mphunzitsi wachiwiri amaonanso ena mwa iwo, ndipo katswiri wochokera ku yunivesite ina amabwera kudzatsimikiza kuti 65 wa pano ndi wofanana ndi 65 wa kwina. Malikisi sakhala otsimikizika mpaka komiti ya mayeso itakhala pansi. Wosakhutira atha kuchita apilo ngati ndondomeko inaphwanyidwa kapena panali kukondera, koma sangachite apilo pongoti nkhani yake inali yabwino kuposa mmene aphunzitsi anaionera.

Columbia inasankha njira ina. Pa sukulu yake ya utolankhani wophunzira amangokhoza kapena kulephera, ngakhale kuti ochita bwino koposa amapatsidwa ulemu wapadera ndipo okhoza movutikira amachenjezedwa. M'malo mwa nambala, mphunzitsi amalemba ndemanga yofotokoza mphamvu ndi zofooka za munthuyo. Nzeru yake ndi yakuti mkonzi sapereka 64 kapena 67 pa nkhani. Amaisindikiza, amaibweza kuti ikonzedwe, kapena amaitaya. Ndipo kunena zoona, palibe munthu angalongosole kusiyana kwa 64 ndi 67 pa nkhani yofotokoza moyo wa asodzi kapena ya odwala m'chipatala. Nambala yotero imavala chovala cha sayansi pamene ili maganizo a wochonga. Choipa china cha manambala n'chakuti amaphunzitsa wophunzira kusaka malikisi. Amene akulondola distinction amasankha nkhani imene akudziwa kuti aitha, pamene amene akungofunika kukhoza atha kuyesa nkhani yovuta, yoti mwina ikanika, n'kuphunzirapo zambiri. Wowerenga amapindula ndi wachiwiriyu, chifukwa nkhani zimene anthu amazifuna kwambiri ndi zomwe wina akuyesetsa kuzibisa.

Njira imeneyi nayo ili ndi mabala ake, ndipo tisawabise. Ndemanga ya mawu imapereka mphamvu zambiri kwa mphunzitsi mmodzi, amene atha kukonda wophunzira wolankhula ngati iye n'kunyalanyaza wofatsa. Wofuna kupitiriza maphunziro mpaka pa digiri yachitatu kapena kupempha thandizo la fizi amafunsidwa manambala, ndipo mawu oti anakhoza samusiyanitsa ndi anzake. Komanso tisaganize kuti kuchotsa manambala kumachotsa chinyengo: mu 2006 pa Columbia pomwepo panabuka nkhani yoti ophunzira ena anabera mayeso, ndipo mayeso ake anali a phunziro la khalidwe loyenera mtolankhani. Chimene tikuphunzirapo n'chakuti njira iliyonse ili ndi malo ake. Pamene pali yankho lolondola ndi lolakwika, monga malamulo, kawerengedwe ka bajeti ya boma kapena liwiro la shorthand, nambala imanena zoona ndipo mzere wokhozera uyenera kukhala wosasunthika. Pamene pakufunika kuweruza, monga kusankha nkhani, kufunsa mafunso ndi kuchitira chilungamo mbali zonse, ndemanga yatsatanetsatane imaphunzitsa kuposa nambala. Ndipo m'njira zonse ziwiri diso lachiwiri, makamaka lochokera kunja kwa sukuluyo, ndilo chitetezo cha wophunzira kwa mphunzitsi wokondera, ndi cha wowerenga kwa sukulu yofuna kukhozetsa aliyense wolipira.

Kukokana kumeneku kumaonekera bwino pa ntchito yomaliza, imene ku Britain imatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri yonse. Yunivesite mwachibadwa chake imafuna kafukufuku wolembedwa mwaukachenjede, wotchula mabuku ndi maganizo a akatswiri. Ntchito ya utolankhani imafuna nkhani yaitali yofufuzidwa mozama, kapena pulogalamu ya wailesi kapena kanema yoti itha kuulutsidwa. Sukulu zambiri tsopano zimalola wophunzira kusankha, kapena zimafuna nkhaniyo pamodzi ndi chikalata chofotokoza mmene inapezekera, zimene zinasiyidwa ndi chifukwa chake. Akonzi ena amanyoza mbali ya mabukuyi kuti ndi yotaya nthawi. Akulakwitsa. Mtolankhani amene sanaimepo n'kudzifunsa kuti mwini wailesi yake ndani, otsatsa malonda ali ndi mphamvu yanji pa nkhani, kapena n'chifukwa chiyani mawu a nduna amatsogola pamene a mlimi amatsalira, adzagwiritsidwa ntchito ndi ena iye osadziwa. Chofunika n'chakuti mbali ya mabuku isaphimbe kulephera pa mbali ya ntchito. Lamulo labwino limati maphunziro ofunika kwambiri akhozedwe lililonse palokha, kuti malikisi apamwamba a kafukufuku asakwirire munthu amene sadziwa lamulo loteteza mwana pa mlandu.

Chitsutso chachikulu pa zonse tanenazi n'chakuti digiri si chilolezo chogwirira ntchito, ndipo siyenera kutero. Atolankhani ambiri odziwika sanapondeko m'kalasi ya utolankhani. Khothi lalikulu la ku Brazil mu 2009 linathetsa lamulo lokakamiza mtolankhani kukhala ndi digiri ya ntchitoyi, poona kuti limaphwanya ufulu wolankhula, ndipo gawo 36 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapereka ufulu wofalitsa nkhani popanda kutchula satifiketi. Fizi ya masitazi m'maiko olemera imatsekera kunja ana a anthu osauka, amene ndiwo akudziwa bwino moyo wa anthu ambiri. Kuonjezera apo, palibe mayeso amene angayeze zimene munthu adzachite akadzaopsezedwa, kapena akadzapatsidwa chipondamthengo pakutha pa msonkhano wa atolankhani, malipiro a mwezi atachedwa. Zonsezi n'zoona, ndipo zikuika malire pa zimene malamulo a sukulu angalonjeze. Koma sizikuwafooketsa. Popeza palibe amene amakakamizidwa kutenga digiriyi, phindu lake lonse lagona pa kudalirika kwa mawu a sukulu yoti munthu uyu amafika pa nthawi, amatsimikiza asanalembe, amadziwa malamulo ndipo sapeka. Sukulu ikafewetsa zimenezi kuti ophunzira asadandaule, pepala lake limasanduka lisiti ya fizi.

Choncho amene akuganiza zokachita masitazi ya utolankhani, kaya ku Makhanda, ku Cardiff, ku New York kapena konkuno, ayambe wawerenga kabuku ka malamulo asanakopeke ndi zithunzi za nyumba zokongola. Afunse ngati kapezekedwe kamayezedwa ndi siginecha kapena ndi ntchito yotuluka, ngati wina amaimbiradi foni anthu otchulidwa m'nkhani za ophunzira, ngati phunziro la malamulo liyenera kukhozedwa palokha, ngati pali wochonga wachiwiri ndi wochokera kunja, ndiponso ngati wodwala ndi wofedwa ali ndi pothawira. Mafunso omwewa ndi oyenera kwa oyendetsa sukulu zathu za utolankhani pamene akukonza malamulo awo, ndi kwa akonzi pamene akulemba anthu ntchito. Sukulu imene ili ndi mayankho omveka pa mafunsowa idzalepheretsa ophunzira ena chaka chilichonse, ndipo ena mwa iwo adzakhala olemba bwino. Kulephera kwawoko n'kumene kumapatsa tanthauzo kukhoza kwa anzawo.